Ntchito yolawa n'kulavula

Funso limene amayi anandifunsa pa foni mu 2016 linali lalifupi. “Ndiye mwana wanga, unasiya choko kuti uzikagulitsa mowa?” Ndinali nditaima kuseri kwa lesitilanti ina mu Cape Town, epuloni ili m'chiuno, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ija ikuomba ngati ikufuna kuzula denga. Ndinati, “Amayi, si mowa ngati umene mukuuganizirawo.” Iwo anati, “Umaledzeretsa kapena suledzeretsa?” Ndinavomera kuti umaledzeretsa. Foni inangoti zii kwa kanthawi, kenaka anayamba kundiuza za mbuzi imene inaswa ana awiri, ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Kuti mumvetse kulemera kwa funsolo muyenera kudziwa kumene ndinachokera. Kwathu ndi ku Thyolo. Amayi anathyola tiyi pa esiteti ina kwa zaka zoposa 20, dengu kumsana, mvula ikugwa kapena ayi, ndipo ndalama ya tiyiyo ndi imene inandilipirira sukulu ya sekondale. Bambo anali munthu wabwino akakhala kuti sanalawe, koma kachasu anawatenga pang'onopang'ono mpaka tinawaika m'manda ndili Fomu 2. Amayi ndi a Mvano, ovala zoyera Lachinayi lililonse. Tsiku limene ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi anavina mpaka fumbi koboo, chifukwa mwana wa wothyola tiyi tsopano anthu ankamuti “aphunzitsi”. Ndiye munthu wotereyu umuuze kuti ntchito yako ndi vinyo, angaone chiyani m'maso mwake kupatula botolo lomwe linamulanda mwamuna?

Uphunzitsi sindinauthawe chifukwa choudana nawo. Ndinaphunzitsa Sitandade 5 ndi 6 kwa zaka zisanu, kalasi imodzi ana oposa 100, ena atakhala pansi, ena akusuzumira pazenera, ndipo mpaka lero palibe chimandisangalatsa ngati nkhope ya mwana amene wangomvetsa kumene kugawa manambala. Chinandichotsa ndi masamu a pakhomo. Mu May 2012 ndalama ya kwacha inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, zinthu m'sitolo zinakwera, malipiro anga anatsalira m'mbuyo. Ndinali ndi mkazi, mwana wakhanda ndi azichemwali awiri a pasukulu. Mu January 2014 ndinakwera basi ya ku Joni, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo nditagona masiku angapo kwa mnzanga ku Johannesburg ndinapitirira ku Cape Town kumene msuweni wanga ankagwira ntchito ya m'dimba la maluwa.

Ntchito yoyamba inali yotsuka mbale. Za imeneyi palibe zambiri zoti ndinene: madzi otentha, mafuta, msana kuwawa, kuweruka usiku mabasi atatha. Koma pa ntchito yonse ya kukhitchini panali kachigawo kamodzi komwe anzanga ankakakana, kopukuta matambula a vinyo. Tambula yotere ndi yopyapyala, ili ndi mwendo wautali, ndipo sumangoitsuka n'kuiyanika. Umaiika pa nthunzi ya madzi otentha, n'kuipukuta ndi kansalu kosasiya ubweya, n'kuiyang'ana pa getsi kuti pasatsale ngakhale chidindo cha chala. Usiku uliwonse matambula mazanamazana ankabwera kwa ine ali ndi timadontho totsalira, ndipo ndisanawatsuke mphuno yanga inkagwira fungo. Ndinadabwa kuti fungolo silinali limodzi. Tambula ina inkanunkhira ngati zipatso zakupsa, ina ngati utsi wa nkhuni, ina ngati dothi mvula yoyamba itangogwa. Kwathu mowa ndinkaudziwa ndi fungo limodzi lokha, limene linkalowa m'nyumba bambo asanalowe.

Panali weyitala wina wamkulu wa ku Zimbabwe amene tonse tinkamuitana kuti mukoma, ndiye kuti achimwene m'Chishona. Iyeyo ndi amene anandipeza tsiku lina mphuno ili m'tambula. Sanandiseke. Anandiuza kuti Lachiwiri masana ogwira ntchito amalawa vinyo amene ali pa mndandanda, ndipo anakandipemphera kwa abwana kuti nanenso ndizikhalapo. Tsiku loyambalo ndinapita ndi mtima wogunda, chifukwa chibadwire ndinali ndisanaikepo mowa pakamwa, ndipo ndinali nditalonjeza pamanda a bambo kuti sindidzaledzera. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi kachidebe kamene kanali pakati pa tebulo. Aliyense ankanunkhiza, n'kumwa pang'ono, n'kuyendetsa vinyoyo m'kamwa, n'kulavulira m'kachidebemo. Vinyo wa mitundu isanu ndi umodzi anadutsa, ndipo palibe anadzuka akudzandira.

Sindinamukonde vinyo tsiku limenelo. Woyera anandiwawasa, wofiira anandiumitsa m'kamwa. Koma pa tambula yachitatu mukoma anandifunsa kuti ndikumva fungo lanji, ndipo ndisanaganize n'komwe pakamwa panga panatuluka mawu akuti gwafa. Linali fungo la gwafa wakupsa, uja amagwa yekha mumtengo kuseri kwa nyumba ya agogo, ukamutola n'kupeza mbalame zayamba kale kumujompha. Mlendo amene ankatiphunzitsa, wochokera ku munda kumene vinyoyo anapangidwa, anagwedeza mutu n'kunena kuti ndalondola. Vinyoyo anali Chenin Blanc, mtundu wa mphesa wobzalidwa kwambiri kuposa wina uliwonse mu South Africa, umene akale kuno ankautcha Steen, ndipo fungo la gwafa ndi chimodzi mwa zizindikiro zake akakhala wamng'ono. Palibe anathiramo gwafa. Ndi mphesa zokha, koma zikawira zimatulutsa fungo lofanana ndi la zipatso zina. Ndinabwerera ku sinki yanga tsiku limenelo ndikudziwa kuti m'mutu mwanga muli chinthu chimene ntchito imeneyi imachifuna.

Vuto linadza nditayamba kuwerenga mabuku. Amene analemba mabuku a vinyo anakulira ku Ulaya, choncho fungo lililonse amaliyerekeza ndi zipatso za kwawo. Amakuuza kuti vinyo wa Cabernet Sauvignon amanunkhira blackcurrant, wa Pinot Noir amanunkhira raspberry, pamene iwe zipatso zimenezo sunazionepo ngakhale pa chithunzi. Kuloweza mawuwo n'kosavuta, mphunzitsi aliyense amadziwa kuti mwana angathe kuloweza chinthu chomwe sakuchimvetsa. Koma mphuno siiloweza. Ndinagula kope la masamba 96, lofanana ndi limene ana anga a sukulu ankalembamo, ndipo tsamba lililonse ndinaligawa pakati. Kumanzere ndinkalemba mawu a m'buku, kumanja ndinkalemba chimene ine ndamva: bwemba, malambe, masuku, jambula, chinanazi cha ku Mulanje, mango a kalisere ongoyamba kupsa, nzimbe yopserera, utsi wa uvuni ya njerwa, chikwama chachikopa cha abusa. Tsiku lolandira malipiro ndinkapita m'sitolo yaikulu kukagula kapaketi kamodzi ka zipatso zachilendozo kuti ndidziwe fungo lake, kenaka n'kulifunira mbale wake wa kwathu.

Mawu amene anandivuta kwambiri anali akuti tannin. Ankanena kuti vinyo wofiira ali nayo yambiri kapena yochepa, yofewa kapena yokhakhala, koma palibe anandifotokozera mondigwira mtima. Tsiku lina m'mawa ndinaiwala masamba a tiyi m'kapu, ndipo nditamwa wopanda shuga lilime linakhakhala, nkhama zinauma ngati ndadya nthochi yosapsa. Ndinakhala phee kapu ili m'manja. Chimene chimachititsa zimenezo mu tiyi n'chamtundu womwewo ndi chimene chili m'makoko ndi m'njere za mphesa. Ndiye kuti chinthu chomwe ndinkachiopa ngati chinsinsi cha azungu ndinakula nacho, chinali m'dengu la amayi. Kuyambira tsiku limenelo ndikamaphunzitsa weyitala watsopano wochokera kwathu, sindiyamba ndi botolo. Ndimamuphikira tiyi makapu atatu, wina wa mphindi imodzi, wina wa mphindi zitatu, wina wa mphindi khumi, n'kumuuza kuti alawe.

Kuchoka ku sinki ndinakhala wonyamula mbale kupititsa ku matebulo, kenaka weyitala. Ndalama ya matipi ndi imene inandilipirira kosi yoyamba ku Cape Wine Academy, sukulu ya za vinyo imene inayamba mu 1979. Pambuyo pake ndinalemba mayeso a WSET, bungwe la ku London limene satifiketi yake imadziwika m'mayiko ambiri. Gawo lachiwiri ndi mafunso 50 osankha yankho, ndipo munthu wakhama amakhoza. Gawo lachitatu ndi nkhani ina: umalemba mayankho ofotokoza chifukwa chimene vinyo wa dera lakuti amakomera mwakuti, ndipo amakupatsa matambula awiri osakuuza dzina kuti ufotokoze zimene zili m'menemo. Apa ndi pamene uphunzitsi unandibwezera ngongole. Ndinkadziwa kukonza sikimu, kugawa phunziro lalikulu m'tizigawo, kudzifunsa ndekha mafunso. Mapu a France ndi Italy ndinawajambula pamanja n'kuwamata pakhoma la kachipinda kanga monga ndinkamatira mapu a Malawi m'kalasi. Ndinkawerenga m'sitima ndi m'minibasi, ndiponso usiku ndikaweruka, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.

Sindikanalimba mtima chikhala kuti panalibe ena patsogolo panga. Mu 2017 anyamata anayi a ku Zimbabwe ogwira ntchito m'malesitilanti a ku Cape, a Joseph Dhafana, a Tinashe Nyamudoka, a Pardon Taguzu ndi a Marlvin Gwese, anapita ku Burgundy m'dziko la France kukaimira dziko lawo pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo. A Dhafana anayamba ndi ntchito ya m'dimba ndi yotsuka mbale ku Riebeek-Kasteel asanakhale sommelier, katswiri wosankha ndi kupereka vinyo, pa lesitilanti ya La Colombe. A Nyamudoka vinyo wawo anamutcha Kumusha, kutanthauza kumudzi. Palinso mayi Ntsiki Biyela a ku KwaZulu-Natal, amene anapita ku yunivesite ya Stellenbosch kukaphunzira kupanga vinyo maphunziro akuperekedwa m'Chiafrikaans, chinenero chomwe sankachidziwa, n'kudzakhala mayi wachikuda woyamba kupanga vinyo m'dziko la South Africa. Kampani yawo anaitcha Aslina, dzina la agogo awo aakazi. Anthu amenewa sindinakhalepo nawo pansi, koma nkhani zawo tinkauzana kukhitchini ngati nkhani za abale.

Mu 2019 ndinasiya lesitilanti n'kupita kukagwira ntchito ya nyengo yokolola pa munda wina wa mpesa kufupi ndi Stellenbosch. Ndalama inatsika, ndipo mayi a kunyumba, amene anali atanditsatira ndi mwana, anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino. Koma ndinkaona kuti ndikugulitsa chinthu chimene sindinaonepo chikubadwa. Kukolola kuno kumayamba kumapeto kwa January mpaka mu March kapena April, dzuwa likuswa mtengo. Mphesa amazithyola m'mamawa kusanatenthe, ndipo tsiku lothyola salisankha mwachisawawa. Wopanga vinyo amayenda m'mizere akulawa, akutafuna njere, akuyeza shuga pa muyeso umene kuno amautcha Balling. Akachedwa masiku ochepa shuga amachuluka, kuwawasa kumatsika, vinyo amatuluka waukali koma wopanda moyo.

Munthu amene anaonapo agogo ake akufulula masese sangadabwe kwambiri ndi zochitika m'nyumba yopangira vinyo. Kusiyana kwake n'kwakuti chimanga chimafuna chimera kuti chitulutse shuga, pamene mphesa zimabwera ndi shuga wake kale. Yisiti amadya shugayo n'kutulutsa mowa, kutentha ndi mpweya woipa, ndipo mpweya umenewo ndi wakupha, moti thanki salowamo munthu ali yekha. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti madzi a mphesa zakuda nawonso ndi oyera. Kufiira kumachokera m'makoko. Popanga vinyo woyera amafinya mphesa n'kutaya makoko msanga, koma popanga wofiira amasiya madzi ndi makoko ziwirire pamodzi. Makokowo amayandama pamwamba ngati chipewa cholimba, ndiye ntchito yanga inali yowakankhira pansi ndi chimtengo chachitsulo kangapo pa tsiku, usiku womwe. Manja anga anada bii kwa miyezi iwiri. Kenaka vinyo amalowa m'migolo ya matabwa a oak, wa malita 225 umadzaza mabotolo 300, n'kugona mmenemo chaka kapena kuposerapo. Koma ntchito yaikulu kuposa zonse, imene palibe amaijambula, ndi kutsuka. Mapaipi, mathanki, pansi, makina ofinyira, m'mawa ndi madzulo. Amene anayambira ku sinki sanavutike nazo.

Tsopano ndifike pa chimene chimandisowetsa tulo, chifukwa ndikachilumpha ndiye kuti ndawanamiza amayi kachiwiri. Minda ya mpesa ya ku Cape ndi yokongola zedi: nyumba zoyera mbee, mitengo ikuluikulu, mapiri kumbuyo. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vinyo woyamba kuno anafinyidwa pa 2 February 1659 m'nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa azungu a ku Holland oyamba kukhazikika ku Cape, ndipo munda wa Constantia unayamba mu 1685 ndi Simon van der Stel, amene ankalamulira Cape nthawi imeneyo. Amene ankalima minda imeneyi anali akapolo, ena ochokera ku Madagascar, ku India ndi ku zilumba za Indonesia, ena ochokera ku Mozambique, dziko limene phiri la Mulanje limaliyang'ana. Ukapolo utatha m'zaka za m'ma 1830, kunatsala mchitidwe wotchedwa dop, wolipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, kangapo pa tsiku. Lamulo linauletsa mu 1960, koma m'minda ina unapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990. Zipsera zake zikuonekabe. Madera ena a kuno ali m'gulu la malo amene ana ambiri pa dziko lonse amabadwa ovulala ubongo chifukwa mayi ankamwa ali woyembekezera.

Nditamva koyamba za dop ndinakumbuka thangata, imene agogo ankatisimbira, pamene anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje ankagwira ntchito pa esiteti ya mzungu ngati lendi ya malo omwe akukhalapo. Njira zake n'zosiyana koma cholinga n'chimodzi, kumanga munthu kuti asachoke. Ndipo nkhani ya malipiro si yakale. Kumapeto kwa 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito akufuna R150 pa tsiku m'malo mwa R69, ndipo boma linakweza malipirowo kufika pa R105 mu March 2013. M'mizere imene ndinkapita kukatenga mabokosi a mphesa ndinkamva Chiafrikaans, Chixhosa, Chisotho, Chishona, nthawi zina Chichewa chenicheni. Amayi ena ankathyola atamanga nsalu kumutu, msana wopindika, kapitawo akuwerenga mabokosi. Miyezi yokolola mphesa ndi yomweyo imene tiyi amaphukira kwambiri kwathu. Ndikawayang'ana ndinkaona amayi anga.

Ndiye ndingaime bwanji kuseri kwa tebulo lonyezimira n'kumathira vinyo alendo? Funso limeneli ndalisinkhasinkha kwa zaka, ndipo pamene ndafika ndi apa. Vinyo ndi mowa, ndipo mowa umapha. Amene amanena kuti vinyo ndi chakudya chabe amalankhula ngati anthu amene sanaikepo m'bale wawo m'manda. Komanso vinyo ndi ulimi, ndi luso la manja a anthu ambirimbiri, ndipo lusolo ndi loyenera ulemu ngati la wowotcha njerwa kapena wosema mtondo. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo ine ndinasankha kugwira ntchitoyi maso ali otsegula. Mlendo amene waledzera sindimuthirira, ngakhale akwiye. Woyendetsa galimoto ndimamuikira kachidebe pafupi n'kumusonyeza kulavula kwake ine ndemwe. Wondifunsa mbiri ya mundawu ndimamuuza yonse, ya akapolo ndi ya dop yomwe, osati ya nyumba zoyera zokha. Ndipo ndikamatchula amene anapanga vinyo amene ali m'tambula, ndimayambira kwa amene anadulira mpesa m'nyengo yozizira.

Kukolola kutatha anandisunga pa munda womwewo, m'chipinda cholawitsira alendo, ndipo ndi kumene ndili mpaka lero. Pa tsiku ndimalandira magulu angapo, ena ochokera ku Germany kapena ku America, ena a ku Soweto kapena ku Khayelitsha amene abwera koyamba ndipo akuopa kuti achita manyazi. Amenewa ndi amene ndimawakonda. Ndimawadziwa ndi mmene amagwirira tambula, ndi mmene amayang'anirana asanayankhe, chimodzimodzi mwana wa kumbuyo kwa kalasi amene yankho ali nalo koma akuopa kukweza mkono. Ndimawauza kuti anunkhize n'kutchula chilichonse chimene chawabwerera m'mutu, ngakhale chikhale chakudya cha agogo awo. Ndimawafotokozera za Pinotage, mphesa imene Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Ndimawasonyeza kachidindo ka Wine of Origin pakhosi pa botolo, kamene kamatsimikiza kuti mphesa zonse zinachokeradi ku dera lolembedwalo. Akamatuluka akutsutsana okhaokha za fungo limene amva, ndimamva chimodzimodzi mmene ndinkamvera belu loweruka likalira ana akadali pa bolodi kulimbirana choko.

Ntchitoyi inatsala pang'ono kunditaya mu 2020. Pa 27 March boma la South Africa linatseka dziko chifukwa cha Covid-19 n'kuletsa kugulitsa mowa wamtundu uliwonse, ndipo chiletsocho chinachotsedwa n'kubwezedwanso kangapo mpaka pakati pa 2021. Alendo anasowa, chipinda cholawitsira chinatsekedwa, matipi anauma. Anzanga angapo anakwera mabasi obwerera kumudzi. Ine ndinapempha kuti andipatse ntchito iliyonse, ndipo miyezi ya June ndi July inandipeza m'munda ndi sizasi yodulira, mvula yozizira ikulowa mpaka m'mafupa, ndikuphunzira kwa bambo wina wachikulire amene anabadwira pa munda womwewo. Iye ankayang'ana mpesa kamodzi kokha n'kudziwa nthambi yoti itsale. Anandiuza kuti podulira umaganizira zokolola za chaka chamawa ndi za chaka chinacho, osati za chaka chino chokha. M'mabuku onse amene ndinawerenga munalibe zimene ndinaphunzira kwa iye m'miyezi iwiri imeneyo.

Achinyamata a kwathu amandilembera pa WhatsApp kufunsa ngati nawonso angalowe ntchito imeneyi. Ndimawauza zoona. Kuchokera pa sinki kufika pamene ndili zinanditengera zaka zisanu, ndipo satifiketi yachitatu ndinaipeza chaka chachisanu ndi chitatu. Makosi ndi odula, ndipo vinyo wophunzirira ndi wodulanso, n'chifukwa chake tinkasonkherana anthu asanu kugula botolo limodzi. Umagwira ntchito Loweruka, Lamulungu ndi pa Khirisimasi, pamene anzako ali ndi mabanja awo. Popanda mapepala oyenera palibe munda kapena hotela yodziwika imene ingakuike patsogolo pa alendo, choncho nkhani ya mapepala ndi yoyamba, osati yomaliza. Ndipo amene akudziwa kuti kwawo kuli mbiri ya uchidakwa, ngati kwathu, adzifunse yekha moona mtima ngati angathe kukhala pakati pa mabotolo tsiku ndi tsiku. Ndaona anzanga aluso kuposa ine akumira. Kachidebe kolavulira kaja ndi chipangizo chofunika kuposa chotsegulira botolo.

Mu December 2022 ndinapita kumudzi koyamba patatha zaka zambiri. Botolo sindinatenge, ndinadziwa kuti m'nyumba ya amayi silingalowe. Ndinatenga kope langa lija, lomwe tsopano linali litang'ambika m'mbali, ndi zithunzi za pa foni. Tsiku lachitatu mvula inagwa usiku wonse, ndipo m'mawa tinakhala pakhonde, mapiri a tiyi ali biriwiri, nkhungu ikukwera. Ndinawaonetsa zithunzi za mizere ya mpesa, za amayi othyola, za manja anga akuda aja. Anayang'anitsitsa chithunzi cha othyolawo n'kufunsa kuti bokosi limodzi limalemera bwanji, ndiponso ngati kapitawo wake amabera pa sikelo. Kenaka anatenga kope n'kuyamba kuwerenga mzere wa kumanja pang'onopang'ono, chala chili pa tsamba. Bwemba. Masuku. Gwafa wa kwa agogo. Tiyi woiwalika m'kapu.

Anafunsa kuti zimenezi n'chiyani. Ndinawafotokozera kuti ntchito yanga ndi kununkhiza, kulawa, kulavula, kenaka n'kunena chimene ndapeza, kuti wogula adziwe chimene akugula ndiponso wopanga adziwe pamene walakwitsa.

“Umalavula?”

“Ndimalavula, amayi.”

Anakhala chete akuyang'ana kumunda. Kenaka anati ku fakitale ya pa esiteti kunali bambo wina wovala khoti loyera, amene m'mawa uliwonse ankamuikira makapu oyera pa mzere wautali. Ankatunga tiyi ndi supuni, n'kumukoka ndi phokoso, n'kulavulira m'chitini, ndipo mawu ake ndi amene ankanena ngati tiyi wa tsikulo apite ku okushoni ku Limbe ngati wapamwamba kapena ayi. Othyola onse ankamudziwa. Akanena kuti masamba a gawo lakuti abwera okhwima, mawa lake kapitawo ankadzawauza kuti azithyola masamba awiri ndi kansonga basi.

“Ndiye iwe uli ngati bambo uja,” anatero.

Ndinati pang'ono ndithu. Anatseka kope n'kundibwezera, n'kulowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatuluka ndi makapu awiri a tiyi wopanda mkaka, wina wa masamba a m'paketi ya ku golosale, wina wa masamba amene mnzawo wa pa esiteti anawapatsa. Anawaika pa mpando patsogolo panga osandiuza kuti uyu ndi uti, n'kukhala pansi pa mphasa, manja ali pa mawondo.

“Talawa tione,” anatero.